Dzanja Lokana Kutaya

Nkhafi inapulumukanso m'dzanja la Zubairu n'kugwera m'madzi, kachitatu tsopano. Haruna, mlamu wake, anaivuula n'kuigoneka m'bwato. Sanali patali ndi mtunda. Amayi oyanika matemba pa dooko ankawaona bwinobwino, ena mpaka anasiya ntchito n'kuimirira manja ali m'chiuno.

"Bweretsani, alamu, ndiyesenso," anatero Zubairu.

"Iyayi, alamu, kwa lero zakwana. Simukuona kuti tasanduka kanema wa amayi aja?"

Zaka khumi ndi zinayi anthu awiriwa anali m'bwato limodzi pa nyanja ya Chiuta. Bwato linali la Haruna, maukonde a matchera a Haruna, koma pa nkhani yopalasa ndi kukoka dooko lonse linkadziwa kuti mwini ntchito ndi Zubairu. Ndiye m'nyengo yozizira sitiroko inamugwetsa pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. Mwendo unadzuka, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala lofooka ngati nsanza yonyowa. Kuyambira pamenepo Haruna ankangotchera pafupi ndi mtunda yekha, n'kumatumiza tinsomba ta ndiwo kwa mlamu wake. Tinsomba timeneto Zubairu ankadya, koma sitinkatsika bwino pakhosi. Msodzi wopanda dzanja lamanja, abale, ndi msodzi wa chiyani?

Atakokera bwato kumtunda, Haruna anakhala pansi n'kuyamba kutokosa dothi ndi kamtengo. Sankafuna kumuyang'ana mnzake kumaso.

"Alamu, ndinene zoona, poti inu ndi ine sitibisirana. Che Ali aja bwato lawo linasweka abwera kale kawiri kudzapempha malo anu. Ndawauza kuti malowo ali ndi mwini wake. Koma mvula ikagwa, madzi akalowa m'mabango, ine sindingakoke matchera ndekha. Nkhafi ikakhala ikugwabe nthawi imeneyo, ndidzatani?"

"Mukundipatsa miyezi ingati?"

"Si ine wopereka miyezi, ndi mvula. Iwiri, kaya itatu ikachedwa."

Zubairu anangogwedeza mutu. Mtima unamuwawa kwambiri, osati chifukwa Haruna analankhula moipa ayi, koma chifukwa panalibe chomutsutsa nacho.

Lolemba lotsatira iye ndi mkazi wake Lukiya, mlongo wa Haruna yemweyo, anakwera njinga yamoto mpaka pa Nselema, kenako minibasi ya ku Liwonde, kukaonana ndi a mafizo, owongola ziwalo, kuchipatala. Anawalandira mayi wina wamfupi, wolankhula mofulumira, dzina lake Monica. Analigwira dzanja lija, kulipinda, kulitambasula, kenako anathira nyemba pa tebulo n'kuika kapu pambali.

"Tolani imodzi muponye m'kapumu. Chimene ndikufuna kuona ine si kutolako, bambo, koma kusiyako. Kunyumba muzichita zomwezi m'mawa ndi madzulo. Muziyalanso chikhatho pa tebulo, mayiwa azikuwongolani zala chimodzichimodzi."

"Amayi, ine ndine msodzi. Ndikufuna kugwira nkhafi."

"Mudzagwira, musathamange. Dzanja la sitiroko limathamangira kufumbata lokha. Mukamalifinyitsa zinthu zolimba panopa lidzatseka, ndipo kulitsegula kudzakhala ntchito ina yaikulu. Mwandimva?"

"Tamva," anayankha Lukiya m'malo mwa mwamuna wake.

Monica analemba tsiku lobweranso m'kabuku ka chipatala n'kuitana wina. Atangotuluka pageti, Zubairu anaphulika.

"Ulendo wonsewu kudzatola nyemba! Ine zinthu zikundigwa m'manja, iwo akundiphunzitsa kusiya. Kusiya ndimatha kale, dooko lonse ndi mboni!"

Lukiya anali ndi phukusi la nsomba za makumba zowamba loti akasiye kwa mng'ono wake kutsidya kwa Shire, mbali ya Balaka, ndiye anawoloka mlatho. Mng'onoyo sanamupeze pakhomo. Lukiya anapita kukamufuna kumsika, n'kumusiya mwamuna wake pamthunzi ndi phukusi lija. Apa ndi pomwe zinalakwikira.

Pafupi ndi mthunziwo panali shedi ya wowotcherera zitsulo. Kutsogolo kunali zitseko ndi mafelemu a mawindo, koma kumbali amuna atatu a kabaza, malaya atavula, ankanyamula zitsulo zomangidwa ndi simenti, thukuta lili chuchuchu. Zubairu anaimirira n'kusendera pafupi.

"Bambo, mwaima nthawi yaitali," anatero mwini shedi akukweza magalasi akuda pamphumi. Chinali chimunthu cha mikono ngati minsi. "Mukufuna chitseko kapena mukufuna mphamvu? Zonse timawotcherera pompano. Ine ndine Elliam."

Zubairu anamuonetsa dzanja n'kufotokoza zonse, mpaka za nyemba. Elliam anaseka mpaka kugwira bondo.

"Nyemba? Nyemba n'za ndiwo, bambo! Taonani ine. Kwathu n'kwa Nsamala. Chaka china ndinagwa pa njinga yamoto, mkono uwu unathyoka pawiri. Atandichotsa chikhakha sindinkatha kugwira ngakhale sipuni. Onani lero."

Anawerama, ananyamula njerwa ya simenti ndi nsonga za zala zokha, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Amuna a kabaza aja anaimba mluzu.

"Koma wangawu sunathyoke," anatero Zubairu. "Ndi sitiroko."

"Kufooka n'kumodzi, bambo. Dzanja lofooka limafuna chitsulo, basi."

Elliam sanali wakuba kapena wabodza. Ankanena zimene zinamuchiritsa iye, ndipo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Analowa m'shedi n'kutulutsa zinthu ziwiri. Choyamba ankachitcha chofinya: timapaipi tiwiri tolumikizidwa ndi sipuling'i ya galimoto, toti munthu azitifinya mpaka tigundane. Chachiwiri chinali mpini wa paipi yonenepa, pakati pake chingwe, kumapeto kwa chingwecho chitini chodzaza simenti. Munthu amagwira mpiniwo manja onse awiri n'kumaupotokola mpaka chingwe chonse chikulungike, chitini chifike pamwamba. Anawonjezapo sipuling'i ina yonenepa, yoti adzaike yoyambayo ikadzafewa.

"Sabata yoyamba mulira. Yachitatu muziseka. Ikamatha miyezi iwiri, nkhafi izikuopani."

Lukiya pobwera anapeza phukusi la nsomba lili m'shedi, mwamuna wake atakumbatira thumba la zitsulo.

"Bambo a Salma, nsomba za mng'ono wanga mwasinthanitsa ndi zitsulo? Simunamve zimene anena adokotala aja?"

"Adokotala ajawo anapalasapo bwato?"

M'minibasi Zubairu anakumbatirabe thumba lakelo mpaka pa Nselema.

Koma kulimbikira kokha, Zubairu anali nako. Akachoka ku mzikiti ku swala ya m'mawa ankapita kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba. Masiku oyamba sipuling'i ija sinkasuntha n'komwe. Ankachita kuthandizira ndi dzanja lamanzere, akukukuta mano, misozi ili lengelenge. Chitini chinkakwera pang'ono n'kumugwera pa zala za kuphazi. Lukiya anaika nyemba ndi kapu pa kabenchi masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi mbuzi inadya nyembazo, ndipo palibe anazifunsa.

Sabata yachitatu timapaipi tija tinagundana koyamba. Zubairu anakuwa mpaka anansi anathamanga kuyesa kwagwa zovuta. Utatha mwezi ankakweza chitini kasanu osapuma, mkono unadzaza, mitsempha inatuluka. Tsiku lolembedwa m'kabuku ka chipatala linafika n'kudutsa, iye ali pansi pa mango. Anthu anayamba kubwera kudzaonera zitsulo za ku Liwonde, ena kuyesako n'kulephera. Ngakhale Lukiya anamwetulira tsiku limene mwamuna wake anamulanda ndowa yodzaza n'kuinyamula ndi dzanja lomwelo kuchokera pa mjigo.

Koma ndi Lukiya yemweyo amene anaona kuti atafika pakhomo ndowayo sanaitule msanga. Anaima nayo akuyang'ana kumbali ngati akuganiza zina, kwinaku dzanja lamanzere likukanula chala chachikulu mobisa, kenako zinazo.

Lachisanu lina atatuluka mu mzikiti Zubairu anapatsana moni wa dzanja ndi mkulu wina wogulitsa mchere. Moniwo unatalika. Mkuluyo anayamba kupindika.

"Ee, Che Zubairu, tasiyani, mundithyola! Alihamudulilahi, mphamvu zabwerera!"

Anthu anaseka, ena n'kumusisita pamsana. Nayenso anaseka, koma m'khwapa munali thukuta lokhalokha. Ankadziwa yekha kuti dzanjalo analiuza kalekale kuti lisiye, ndipo silinamve.

Masana ena Lukiya anamupeza akutawaza pokonzekera pemphero kuseri kwa nyumba, akuthira madzi pamwamba pa chibakera chotseka. Anamugwira dzanja n'kulikanula mwamphamvu. M'chikhatho munali mabala a zikhadabo, ndi kafungo ka malo osapita mphepo.

"Bambo a Salma, izi ndi zomwe ananena mayi aja. Tiyeni tibwerere ku Liwonde."

"Akandiuza kuti ndisiye zitsulo, ndiyambirenso nyemba. Taonani kumwambaku."

Mitambo inali itayamba kale kuunjikana mbali ya Mozambiki, ndipo kunkatentha kotopetsa kuja kwa mvula yayandikira.

"Ndiye ndikawauza achimwene. M'bwatomo simukhala nokha."

Zubairu anakhala pansi pa dothi pomwepo. Mawu ake anatsika.

"Mayi a Salma, mukawauza mwandipha. Pa nyanja chofunika n'kugwira. Kusiyako ndiziphunzira ndikabwera kumtunda, nthawi ilipo. Kodi mukufuna ndikalambire pakhonde pano, ndizidikira kuti alamu atiponyere ya ndiwo?"

Lukiya anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamumvera chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinamutseka pakamwa. Kwa mchimwene wake sanapite. M'mawa mwake anamva kuseri kukugogodedwa, ndipo atasuzumira anaona mwamuna wake akuchotsa sipuling'i yakale n'kuikapo yonenepa ija.

Mvula inagwa kumayambiriro kwa Disembala, masiku anayi osalekeza, madzi n'kulowa m'mabango. Tsiku loyesa, Zubairu analowetsa nkhafi m'dzanja n'kupalasa kuchoka pa dooko mpaka kuseri kwa mabango osapumira. Bwato linkachita kuthamanga. Haruna anaseka mokweza koyamba chiyambireni matendawo.

"Alamu, mwadya chiyani? Pang'onopang'ono, tingafike ku Mozambiki opanda chiphaso!"

Pobwera amayi a pa dooko aja analulutira. Che Ali anauzidwa madzulo omwewo kuti akafune kwina, ndipo anavomera mopanda mawu ambiri.

Masiku awiri zinayenda. Ankatchera madzulo, m'mawa n'kukavuula, makumba ndi milamba ili mbwee pansi pa bwato. Zubairu anali atapeza njira yake. Posiya nkhafi ankatembenukira kumbali kuti Haruna, yemwe ankakhala kutsogolo, asaone lamanzere likukanula zala. Pokoka ukonde ankalowetsa chingwe m'chibakera n'kumakoka ndi lamanzere. Dzanja lodwalalo likakhala phee, chingwe chinkadutsamo bwinobwino. Koma likadzidzimuka, kapena likamva kulemera, linkatseka gwa. Izi ankazidziwa, n'kumadziuza kuti palibe chomudzidzimutsa pa madzi amene anakulirapo.

Tsiku lachitatu dzuwa litangotuluka, ali pakati povuula, ukonde unalemera mwachilendo. Kenako unakoka wokha. Pa Chiuta aliyense wolowa m'bwato amadziwa tanthauzo lake: ng'ona yatsata nsomba n'kukodwa, ndipo chochita n'chimodzi, kutaya chingwe. Haruna anataya mbali yake nthawi yomweyo.

"Ng'ona! Tayani, alamu!"

Lamanzere linataya. Lamanja linatseka.

Chingwe chinakungika. Zubairu anagwa ndi chifuwa pa mlomo wa bwato, mkono wonse m'madzi mpaka paphewa. Bwato linapendekeka, madzi anayamba kukhuthukiramo, nsomba zomwe anali atawonjola zikubwerera m'nyanja. Patsogolo pake, poti n'kufikapo ndi nkhafi, madzi anawira, ndipo anaona msana wokhakhala ukugubuduzika mu ukonde.

"Tayani! Mwapenga kodi? Tayani!"

"Silikumva!" analira Zubairu. "Alamu, silikumva!"

Haruna anakwawa m'bwato. Dzanja lina anagwira lamba wa mlamu wake, lina anasolola mpeni. Anacheka kamodzi, kawiri, madzi akumuthira kumaso, kachitatu chingwe chinaduka pafupi penipeni ndi zala. Bwato linabwerera mwamphamvu, onse awiri n'kugwa chagada m'madzi a m'bwatomo. Ukonde unapita, ukukokedwa kulowera m'mabango.

Madzi anakapa Haruna yekha. Kupalasanso anapalasa yekha. Zubairu anakhala kumbuyo, chidutswa cha chingwe chikulendewera mbali zonse ziwiri za chibakera. Anayesa kuchisolola ndi lamanzere, anayesa ndi mano, osatheka.

Pa dooko anthu anathamangira kudzaona nsomba, n'kupeza bwato la madzi okhaokha, ukonde palibe. Lukiya anali pomwepo ndi beseni lake. Anayang'ana m'bwato, anayang'ana chingwe chili m'dzanja la mwamuna wake, n'kuika beseni pansi. Haruna anatsika, zovala zikuchucha, n'kuima pamaso pa mlongo wake.

"Iwe Lukiya, unkadziwa?"

Lukiya anagwetsa nkhope.

"Ndikanatsala m'madzimo ine lero, ana anga ukanakawauza chiyani?"

Sanadikire yankho. Anatola nkhafi zonse ziwiri n'kumapita. Anthu anapatuka kumupatsa njira, kenako maso onse anabwerera pa chingwe chija. Zubairu anayenda pakati pawo dzanja atalibisa m'malaya, manyazi atamugwira kuposa tsiku lija nkhafi inkagwa.

Kunyumba Lukiya anafunditsa madzi n'kuviikamo dzanjalo, akusisita mkono kuchokera pa chigongono. Chingwe chinatuluka patatha pafupifupi ola lathunthu, chitasiya mzere wofiira pakati pa chikhatho. Zala zinangotseguka pang'ono n'kubwereranso. Lukiya sanakalipe, sananene kuti ndinkanena ine. Ankangolira chamumtima, misozi ikugwera m'beseni, ndipo Zubairu akanakonda kukalipiridwa.

Haruna anabwera chakumadzulo, atasamba, mkwiyo utatsika. Anakhala pakhonde n'kuyamba za mvula, za mpunga wa kudambo, za msewu wa ku Nselema umene wayamba kale kuterera. Zubairu anamudula.

"Alamu, musavutike n'kuzungulira. Mukawatenge Che Ali. Ndinakubisirani ndine, ndipo mlongo wanu ndinamutseka pakamwa ndine. Iye anafuna kubwera kwanu. Musamusungire mkwiyo."

Haruna anapuma mozama, akuyang'ana mapazi ake.

"Zaka khumi ndi zinayi, alamu. Ukonde si kanthu, tidzapeza wina. Koma ine kulowanso m'madzi ndi munthu amene ndikamuuza kuti taya..." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mubwerere ku Liwonde kwa adokotala aja. Mwina chaka chamawa."

"Mwina," anatero Zubairu.

Onse awiri ankadziwa kuti munthu akalowa m'bwato n'kugwira bwino nyengo yonse, sachotsedwa chifukwa choti wakale wachira. M'nyumba Lukiya anali atasiya zomwe ankachita, akumvetsera kuseri kwa chitseko.

Haruna anaimirira n'kutambasula dzanja kuti atsanzike, monga mwa masiku onse. Zubairu anakweza lake. Analiyang'ana, analipempha mumtima kuti litseguke kamodzi kokha, koma zala zinangonjenjemera. Anaima choncho kanthawi, dzanja la Haruna lili m'malere. Kenako Zubairu anapinda chibakera kuloza pansi n'kupereka mkono, monga amachitira msodzi pa dooko manja akakhala ndi mamba a nsomba. Haruna anagwira mkonowo, anaugwedeza kamodzi, n'kutsika pakhonde kulowera njira ya kwa Che Ali.